Usalembetse osewera obwereka, mwana wanga

Area 25, Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kaya iwe ndi mpongozi wathu? Mlongo wako wandiuza kuti timu ya anyamata ya basketball imene ukuiphunzitsa ku koleji yagonja kangapo motsatizana, ndipo kuti pali bambo wina wabizinesi amene akufuna kukubweretsera anyamata ataliatali a m'makalabu a m'tauni muno. Akuti iye aziwalipira, inu muziwalemba ngati ophunzira. Ndati ndilembe kalata chifukwa pa foni umangoti "ndamva, bambo" ndisanamalize n'kulankhula komwe.

Dzina la UCLA, yunivesite ya ku Los Angeles ija, umalitchula kawirikawiri, koma umangotchula zikho zake. N'zoona, pakati pa 1964 ndi 1975 anatenga ka 10 chikho cha NCAA, bungwe loyang'anira masewero a mayunivesite a ku America, ndipo 7 mwa zikhozi zinali zotsatizana, kuyambira 1967 mpaka 1973. Anapambananso masewero 88 osagonja mpaka pamene yunivesite ya Notre Dame inawaimitsa mu Januwale 1974. Koma mphunzitsi wawo, John Wooden, anafika pasukulupo mu 1948. Werengetsa wekha zaka zimene anadikira. Nthawi yonseyo ankachita maphunziro a mpira m'kaholo kakale kotentha, kamene ankagawana ndi ochita masewero ena, ndipo iye mwini ankagwira tsache kusesa pansi anyamata asanayambe. Masewero ambiri a pakhomo ankakasewerera m'mabwalo a eni. Bwalo lawo lenileni, Pauley Pavilion, linatsegulidwa mu 1965, chikho choyamba atatenga kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwe ngakhale zaka zitatu sunakwanitse.

Timu ya 1964 ndiyo ndikufuna uiganizire kwambiri, poti ukudandaula kuti anyamata ako ndi afupiafupi. Mwa asanu amene ankayamba masewero, panalibe wopitirira mamita 1.96, msinkhu wochepa ndithu pa mpira umenewu. Chida chawo chinali liwiro ndi mpweya. Akangogoletsa, sankabwerera kumbuyo kukadikira ayi, ankawapanikiza adani pomwepo pansi pa golo lawo, bwalo lonse, mpaka winayo atatopa n'kuponya mpira m'manja mwa eni. Chaka chimenecho anasewera ka 30 osagonja, ndipo mu fainolo anagonjetsa yunivesite ya Duke 98 kwa 83, ngakhale Duke inali ndi zimphona zopitirira mamita awiri. Ataliatali aja, Lew Alcindor amene pambuyo pake anadzatchedwa Kareem Abdul-Jabbar, kenaka Bill Walton, anabwera timu itadziwika kale. Anatsatira mbiri.

Wooden ankayamba chaka pophunzitsa anyamata akuluakulu kuvala sokosi mosasiya makwinya ndi kumanga bwino zingwe za nsapato, kuopa matuza. Ukhoza kuseka, koma bwalo lanu ndi lasimenti, ndipo m'mwezi wa Okutobala limawotcha mapazi. Mnyamata wa thuza sathamanga.

Tsono nkhani ya wabizinesi wakoyo. UCLA nayo inali naye wotere, dzina lake Sam Gilbert, munthu wachuma amene ankakonda timuyo ndipo ankapatsa osewera zinthu zimene malamulo sankalola. Kwa zaka zambiri anthu ankangoyang'ana kumbali. Mu 1981, Wooden atapuma kale, NCAA inalanga sukuluyo: inailetsa kulowa mpikisano wa chaka chotsatira, inafufuta malo achiwiri amene anapeza mu 1980, n'kuilamula kuti isiyane ndi Gilbert. Mpaka lero alipo amene akatchula zikho zija amatchulanso dzina la bamboyu. Komatu awo anali ophunzira enieni olandira mphatso. Zimene akukuuza iwezi n'zoposa pamenepo, chifukwa siginecha yotsimikiza kuti mnyamata ndi wophunzira idzakhala yako. Tsiku limene timu ina idzadandaule n'kupempha kuona ma ID, wabizinesiyo adzakhala ali ku shopu kwake. Pa kalata yokuchotsa ntchito padzakhala dzina lako, ndipo ntchito yako yeniyeni ndi ya m'kalasi, imene imadyetsa adzukulu anga.

Ganiziranso za mnyamata wa chaka chachiwiri amene amadzuka m'mamawa kudzathamanga, kenaka umukhazike pa benchi kuti mlendo asewere. Mawa sabweranso, ndipo anzake adzamutsatira.

Ngati bamboyo amaikondadi timu, agule mipira, maukonde ndi mayunifomu, kapena alipire minibasi ya maulendo, ndipo zonse zidutse mu ofesi ya zamasewero, risiti ilembedwe. Akakana, muthokoze mwaulemu basi.

Amayi ako akuti Lamlungu mubwere nonse kudzadya nkhuku. Utenge mndandanda wa osewera ako ndi ndondomeko ya maphunziro a sabata, ndikufuna ndione kuti mumathamanga mphindi zingati musanagwire mpira.

Ndine bambo ako.