Tikuopa TV, foni tikuisiya yotsegula

Akonzi,

Mlamu wanga masiku ano amafunditsa TV yake nsalu asanagone, ati ikumumvetsera. Foni yokha amagona nayo pansi pa pilo, ndipo nambala yotsegulira ndi chaka chomwe anabadwa. N'chimene chandilembetsa kalatayi.

Mantha akewo ali ndi pogwira. Mu 2017 a WikiLeaks, tsamba la pa intaneti loulula zinsinsi, anaulula kuti CIA, bungwe la ukazitape la ku America, inali ndi pulogalamu yotchedwa Weeping Angel, yomwe inkachititsa ma TV ena a Samsung kuoneka ngati azima pomwe maikolofoni akutola mawu m'chipindamo. Komatu kuti ilowe, munthu ankayenera kufika pa TV-yo n'kubayamo fulashi. Kazitape wake uti angavutikire mlamu wanga chotero?

Chotikhudza enafe ndi china. Ma TV ambiri amakono amazindikira chomwe chili pa sikirini n'kutumiza uthenga kukampani, kuti otsatsa malonda adziwe zomwe mumakonda kuonera. Chaka chomwecho cha 2017 kampani ya Vizio inalipira madola 2.2 miliyoni ku America chifukwa chochita zimenezi pa ma TV 11 miliyoni eni ake osadziwa. N'zonyansa ndithu, koma ndalama zanu sizichoka nazo. Ndalama zimachokera pafoni: m'menemo muli banki, mameseji a manambala achinsinsi, zithunzi za ana, ngakhale komwe mwagona usiku. Wolowa pa TV wangofika pakhonde, wolowa pafoni ali kale kuchipinda.

Khondelo nalo sindikulipeputsa. Foni timasintha pakapita zaka zochepa, TV imakhala pakhoma mpaka zaka khumi, wopanga atasiya kalekale kutseka mipata ya akuba, pomwe ili pa Wi-Fi imodzi ndi laputopu yanu. Ndimaopa kwambiri timabokosi ta Android topanda dzina lodziwika, tomwe amati tili ndi matchanelo onse aulere. Mu June 2025 a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, anachenjeza kuti tina timakhala ndi pulogalamu yaumbanda, BadBox 2.0, wogula asanatitsegule n'komwe. Rauta yomwe pasiwedi yake ikadali ya kufakitale nayo ndi msampha. Pulogalamu ina yaumbanda yotchedwa Mirai inadyera pomwepo mu 2016.

Lamulungu lapitali ndinam'zimitsira zotolera uthenga pa TV ija, tinasintha pasiwedi ya rauta ndi nambala ya foni. Nsalu yokha wakana kuchotsa, ngakhale TV yakeyo ilibe kamera.

Wowerenga wanu wa nthawi zonse