Za nambala 720720

Bwanawe,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Kuno tilipo. Unafunsa chimene chimachititsa akatswiri a masamu kuikonda nambala 720720, ndiye tamvera.

Usaione kutalika. Tayang'ana bwino, ndi 720 wolembedwa kawiri. Nambala iliyonse ya madijiti atatu ikalembedwa kawiri chonchi, ndiye kuti yachulukitsidwa ndi 1001, ndipo 1001 ndi 7 × 11 × 13. Pomwe 720 uja ndi 16 × 9 × 5. Zonse pamodzi: 720720 = 2⁴ × 3² × 5 × 7 × 11 × 13. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Palibe nambala ina yochepera pamenepa imene imagawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16 popanda chotsala. Kuti 16 alowe pafunika ma 2 anayi, 9 afuna ma 3 awiri, 14 angotenga 2 ndi 7, ndipo zonsezi zilimo. Pa 17 mpamene imakanira: 17 × 42395 ndi 720715, kutsala 5.

Nanga nambala zoigawa bwinobwino zilipo zingati? Usavutike n'kuzilemba imodziimodzi, dzanja lingatope. Tenga timanambala ta pamwamba tija, 4, 2, 1, 1, 1, 1 (pamene sipanalembedwe kanthu, monga pa 5, 7, 11 ndi 13, ndiye kuti ndi 1), uwonjezere 1 pa kalikonse, kenako uchulukitse: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240. Timawonjezera 1 chifukwa nambala yogawa ikhoza kukhala ndi 2 mmodzi, awiri, atatu, anayi, kapena osakhala naye n'komwe. Njira zake ndi zisanu. Ambiri amaphonya apa. Woiwala kuwonjezera 1 amapeza 8, wophatikiza m'malo mochulukitsa amapeza 16, ndipo onse amakhala ataphonya kutalitali.

Nambala iliyonse yocheperapo siifika pa 240. Yoyandikira ndi 665280, yomwe ili nazo 224. Nambala zokhala ndi zozigawa zambiri kuposa nambala iliyonse yocheperapo amazitcha highly composite, ndipo Ramanujan, katswiri wa masamu wa ku India, analemba za izo mu 1915. 720720 ilinso m'gulu la abundant, chifukwa ukaphatikiza zoigawa zonse, kupatulapo iyo mwini, upeza 2529072, kupitirira iyoyo katatu. Si sikweya ayi, kutanthauza kuti siibwera pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe: 848 × 848 ndi 719104, pomwe 849 × 849 ndi 720801.

Chenjera ndi mnzake woyandikana naye, 720721. Ukamugawa ndi nambala iliyonse kuyambira 2 mpaka 16 amatsala 1, ndiye ena amathamangira kunena kuti ndi prime, nambala yogawika ndi 1 ndi iyo mwini basi. Umboni umenewo ndi wosakwanira. Ngati ali ndi zomugawa zina kupatula 1 ndi iye mwini, imodzi mwa izo siingapitirire 848, choncho uyenera kuyesa ma prime onse kuyambira 17, 19, 23 mpaka kukafika kumeneko usanagamule. Tayesa wekha, undilembere zimene upeze.

Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine,
Bwenzi lako