Msonkhano wa Loweruka: Mabuku a ana okamba za kulera mwana wa ena

Aphunzitsi ndi makolo a m'kalabu yathu yowerenga,

Loweruka likudzali tikumana ku Botanical Gardens kuno ku Zomba, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Kukagwa mvula tidzasamukira m'kalasi yomwe tinakumanamo mwezi watha.

Tidzakambirana momwe mabuku a ana ndi achinyamata amaonetsera mwana woleredwa ndi anthu amene sanamubereke. M'nthano zathu zambiri mwana wamasiye amangozunzidwa ndi mayi womupeza, kumanidwa nsima, kutumidwa kumadzi usiku. Koma m'makalasi mwathu muli ana ambiri amene akuleredwa bwino ndi agogo, amalume kapena azakhali, ndipo ena anatengedwa mwalamulo kudzera kukhothi motsatira Adoption of Children Act. Ana otere akatsegula buku ayenera kupezamo banja lofanana ndi lawo, lachikondi. Tikufuna kusankha nkhani zoti tiziwerenga nawo teremu ino, ndi kuona ngati ena mwa ife angalembe zatsopano m'Chichewa.

Mubweretse:
- buku limodzi kapena nthano yomwe ili ndi mwana woleredwa ndi ena, ngakhale imene simukugwirizana nayo
- kope ndi cholembera
- K2,000 ya thobwa ndi mandasi
- chitenje kapena mkeka wokhalapo

Chonde, pokambirana tisatchule dzina la mwana aliyense wa kusukulu kwathu kapena kumudzi. Ena sanauzidwebe mbiri yawo, ndipo si ife oyenera kuwauza.

Yankhani pagulu pano pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera, ndipo mutchule buku lomwe mubweretse kuti tisabwereze limodzimodzi.

Mlembi wa kalabu