Kwa mwana wanga amene akufuna kupalasa njinga mpaka ku Marka

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni wochokera kuno ku Ngabu. Tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi ako limene likumawavutabe m'mawa. Mapira tinakolola ochepa, koma atifikitsa.

Uthenga wako wa pa WhatsApp mlongo wako anandiwerengera kawiri, n'kundikulitsira chithunzi cha njinga yanu yopalasa anthu awiriyo kuti ndione bwino. Pafoni sindinafune kukuyankha mothamanga, n'chifukwa chake ndamukhazika pansi kuti alembe zimene ndikunena. Ndakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu uja zaka zoposa 30, koma ya zishalo ziwiri ndi mapedulo anayi ndinaigwirapo kamodzi kokha, ya alendo ena amene ankapita ku Nsanje itawathyokera masipoko akumbuyo. Ndinakhala nayo tsiku lonse, ndipo ndinaiphunzira.

Wanena kuti muchoke ku Lilongwe, mudzere ku Dedza, Ntcheu, Zalewa ndi Blantyre, mutsikire kuno kuchigwa mpaka kumalire ku Marka, makilomita opitirira 500, iwe kutsogolo, mng'ono wake wa malemu mnzako kumbuyo. Ndalama zimene anthu asonkhe mukufuna kugulira midzi ya kwawo ku Tengani njinga za ambulansi. Ine ndavomera. Malemu mnzakoyo anali ngati mwana wanga yemwe. Bambo ake akugwira ntchito ya thonje kuno, inu awiri munkandibera njinga yanga yakale ija masana ine ndikudya, iwe pachishalo iye pakaliyala, miyendo yake itatambalala ngati ya chule. Ndipo sindinaiwale mmene anapitira: malungo, mvula ya mu February, msewu wa m'mudzi utasanduka mtsinje, anthu anayi akusinthana kumunyamula pamachira usiku wonse. Ankafika kuchipatala asakuyankhulanso.

Koma pali chinthu chimene sindinachimve mu uthenga wako. Amayi ake mwawauza? Sindikunena zowatumizira mawu kudzera kwa mng'onoyo ayi. Ndikunena iweyo kukwera minibasi, kukafika pakhomo pawo, kukhala pamphasa, amalume ake a malemu ali pomwepo, n'kupempha. Wati musindikiza nkhope yake pa matisheti. Taganiza mayi uja ali pamsika akusankha usipa, n'kukweza maso, n'kuona mwana wake pachifuwa cha munthu amene sakumudziwa. Akakana za chithunzicho, musasindikize. Ndipo kumanda musakalowe nokha ndi makamera. Kwathu kuno kumanda amapempha kwa amfumu, ndipo amene amatsogolera ndi eni mbumba. Safunsa anadya phula, mwananga, ndipo phula la pamaliro limawawa zaka.

Tsopano za njingayo. Chimene ndinaona pa ya alendo aja ndi ichi: wakumbuyo saona njira. Chimene amaona ndi msana wa mnzake basi. Handulo yake siikhota, ndi yongogwirira. Mabuleki onse ndi magiya onse ali m'manja mwa wakutsogolo. Ndiye pali tcheni chachitali chimene chimamanga mapedulo ako ndi ake, moti ukasiya kupalasa mwadzidzidzi, mawondo ake amagwedezeka ngati wamukoka. Ukalowa m'dzenje osamuuza, iwe umadzuka pang'ono pachishalo chifukwa waliona, iye limamumenya msana wonse. Choncho pakamwa pako pasamatseke. Uzinena kuti dzenje, bampu, ndikusintha giya, tikuima. Ngakhale ponyamuka muziwerenga limodzi, phazi limodzi lili pansi lina papedulo, paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Muyambe kuyeserera panopa, Loweruka lililonse, musadzaphunzirane pa M1 mathiraki akukuombani mphepo.

Ndakhalitsa pamenepa chifukwa cha amene wamuika kumbuyoyo. Iwe unataya mnzako, iye anataya mkulu wake, amene ankamulipirira sukulu. Pa anthu anayi amene ananyamula machira usiku uja, mmodzi anali iye. Iwe unali ku Lilongwe, unamva pafoni. Sindikukudzudzula, ndikungofuna udziwe katundu amene wakwera panjinga yako. Padzakhala malo ena, mwina mukadzangoyamba kumva fungo la chigwa, pamene mnyamata uja adzalira kumbuyo kwako iwe osamuona. Udzadziwira kumapazi. Mapedulo adzalemera ngati mwayamba chitunda pamene msewu uli see. Zikadzatero usadzatembenuke kumufunsa kuti watani, ndipo usadzamuuze kuti limba mtima. Udzapeze mthunzi, udzanene kuti iwe ndi amene wamva ludzu, mudzakhale pansi mpaka adzadzuke yekha. Amene akukudikirani kutsogolo ndi nyimbo adikire.

Ndikukudziwa, uli ndi mtima wa mpikisano kuyambira uli mwana. Wayamba kale kuwerengera kuti masiku anayi akwana. Ika asanu ndi awiri. Palibe amene adzachotse kwacha pa chopereka chake chifukwa mwafika Lachinayi m'malo mwa Lolemba.

Malo amene akundisowetsa tulo ndi chitsetso cha ku Thabwa. Kuchoka ku Blantyre kufika pa mlatho wa Kamuzu pa Shire ndi makilomita osakwana 50, koma mumatsika mamita pafupifupi 900, ndipo ambiri mwa iwo ali m'makona aja a m'phiri. Chipsera chili pabondo langa lamanzere ndinachitengera pamenepo, iwe ukadali khanda kumsana kwa amayi ako. Ndinali nditamanga katundu wa masipeyala kuchokera ku Limbe, ndikutsika nditafinya mabuleki osasiya. Ndinayamba kumva fungo la labala yopserera, ndisanaganize n'komwe chubu chakutsogolo chinaphulika chifukwa limu inali itatentha ngati chiwaya. Ndinali ndekha. Inu mudzakhala anthu awiri pa matayala awiri omwewo. Uzifinya n'kusiya, kutsogolo ndi kumbuyo mosinthana. Pakapita makona angapo muziima, ukhudze limu ndi kuseri kwa chala. Ikakuwotcha, khalani pansi ipole. Pamenepo m'pamene mungaonere Shire akunyezimira mmunsi ndi minda ya nzimbe ili biriwiri kutali, osati njinga ikuyenda. Pakona pamene mtima wakayika, tsikani muikankhe. Palibe manyazi.

Zonyamuka mwezi wa October wanena zija ndakana. Unakulira kuno, koma zaka za ku Lilongwe zakuiwalitsa. Nthawi imeneyo kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, phula limafewa, ngakhale akabaza a pa Dyeratu amabisala pansi pa mitengo masana. Pempha tchuthi cha June kapena July. Mudzalimbana ndi mphepo yochokera kummwera imene idzakuombani kumaso, koma mphepo siipha munthu ngati dzuwa. Ngakhale pamenepo muzinyamuka kukangoyera, pofika 10 koloko mukhale mutapeza mthunzi, mudzayambenso dzuwa litapendeka. Usiku ayi. Madzi muzimwa ludzu lisanabwere, ndipo m'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi. Pa Nchalo chenjerani ndi mathirakitala okoka nzimbe, chifukwa miyezi imeneyo ndi yodula. Kuchoka apo mpaka kuno, ndi kupitirira ku Sorgin ndi Bangula, adani anu ndi ng'ombe, mbuzi ndi minga. Palinso malo amene madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadya msewu, musamathamange pamene simukupadziwa. Musakasambe mu Shire ngakhale thupi litanyeka chotani, ng'ona zake sizinachepe. Ndipo tengani neti, aliyense yake. Zingandipweteke kwambiri mutadwala nthenda yomweyo imene mukuipalasira.

Masipeyala a njinga yotereyi kuno simudzawapeza. Tcheni chachitalicho, mawaya a mabuleki akumbuyo amene ndi aatali kuposa a njinga wamba, masipoko a tayala lakumbuyo, zonsezi mugule kutauni. Machubu anayi, zigamba, guluu, pampu ndi sipanala ya masipoko.

Pa ndalama ndinene mosapsatira. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene anthu azitumizirako isakhale yako, isakhalenso ya mng'onoyo. Pezani anthu atatu, mmodzi wa kumpingo kwa malemu, mmodzi wa kubanja, mmodzi wa kuntchito kwako, ndipo pakhale kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka. Nsima yanu ya panjira ndi malo ogona mulipire za m'thumba mwanu. Ukadzatengapo ngakhale ya botolo limodzi la madzi, pakamwa pa anthu padzatuluka mawu akuti anadyera maliro a mnzake, ndipo mawu amenewo sachoka.

Chinanso, musagule ambulansi zambiri kuti chithunzi chikome. Ine ndaziona ngolo zimenezi zitafika m'midzi ndi nyimbo ndi nthungululu. Patapita chaka ndinaipeza ina kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pamatiresi, vuto lake tayala limodzi lokha. Inalibe mwini, aliyense ankati akonza mnzake. Ngati ndalama zikukwana zisanu, gulani zitatu, zotsalazo zikhale za matayala, machubu ndi girizi. Musankhe zimene matayala ake ndi ofanana ndi a njinga za kabaza, opezeka pa Bangula kapena pa Nsanje boma. Mudzi uliwonse usankhe munthu wosunga, amfumu ndi komiti ya zaumoyo akudziwa, komanso mlangizi wa zaumoyo wa deralo akhalepo. Mukandibweretsera anyamata awiri a kumeneko, ndiwaphunzitsa kumanga masipoko ndi kuwongola limu kwaulere. Limenelo ndiye gawo langa. Ndiyeneranso kukuuza zoona: usiku uja ngolo sikanadutsa pamene panali madzi. Koma mbali yaikulu ya njira ija inali youma, ndipo anthu otopa aja akanafika kusanache.

Tsiku lodutsa pa Ngabu mudzagone kuno. Amayi ako ayamba kale kunena za thobwa la mapira ndi nkhuku imene akuisunga. Njingayo udzaisiye m'manja mwanga usiku umenewo, ndidzaione masipoko limodzilimodzi ndi tochi musanalowe chigawo chomaliza. Njinga yakale ija ikadali m'khitchini, kaliyala wake wopindika mbali imene mnzako ankakhalira. Ndikufuna mng'ono wake adzaione.

Ukabwerako ku Tengani undiimbire, undiuze zimene amayi aja anena.

Ndine bambo ako.