Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: funso la 2, 8, 8

Aphunzitsi anzanga a sayansi,

Ndabwerako kumsonkhano munandituma uja, ndipo malisiti a minibasi ndi chakudya ndapereka kwa msungichuma. Tsiku loyamba linathera pa mafomu a mayeso ndi kasungidwe ka zipangizo za mu labu, zimene tonse timadziwa kale.

Tsiku lachiwiri mphunzitsi wina wa ku yunivesite anatifunsa chifukwa chake shell yoyamba ya atomu (gawo lokhala ma electron la pafupi kwambiri ndi phata la atomu) imatenga ma electron 2 okha. Holo yonse inangoti zii, ife amene timalowezetsa ana 2, 8, 8 (chiwerengero cha ma electron m'ma shell atatu oyamba) chaka ndi chaka. Iwo anati nkhani imayambira pakuti ma electron onse ndi ofanana kotheratu. Apo ndinakumbukira mbuzi za ku Ngabu: ziwiri zifanane bwanji, mwini wake amadula khutu la imodzi n'kuizindikira pamsika. Electron ilibe khutu loti n'kudula. Mukasinthanitsa awiri, palibe muyeso umene ungaone kusiyana, choncho wavefunction yawo (masamu ofotokoza mmene ma electron awiriwo alili) imangokhala momwe inalili kapena kusanduka minus yake. Ma electron ali m'gulu losanduka minus, la ma fermion. Awiri akakhala mu state imodzi (mkhalidwe wofanana pa chilichonse), kuwasinthanitsa sikusintha kanthu, komabe kuyenera kubweretsa minus, ndipo nambala yofanana ndi minus yake ndi 0 yokha. Wavefunction ikakhala 0 ndiye kuti sizingatheke. Ili ndi lamulo lija wasayansi Pauli anapereka mu 1925. Shell yoyamba ili ndi orbital imodzi (dera limene electron imapezekamo), spin (khalidwe la electron longa kuzungulira) ndi za mitundu iwiri, malo n'kukhala 2.

Ma photon (tizidutswa ta kuwala) ali m'gulu linalo, la ma boson, amene amaunjikana mu state imodzi osakanana. Wasayansi Bose anatulukira masamu a gululi ku Dhaka mu 1924 n'kutumiza kwa Einstein.

Msonkhano unagwirizana kuti izi zisalowe m'kalasi poti za MSCE sizifika kumeneko. Ine sindinakweze nawo dzanja. Mwana wa Fomu 3 amatha kupeza x pamene x = -x, nanga timubisiranji? Makamaka ife kuno kuchigwa, kumene mabuku amene ananyowa ndi madzi a Freddy mu 2023 sanabwezeredwebe ngakhale tinalemba makalata, phunziro longofuna choko ndi bolodi sitiyenera kulitaya. Ndikudziwanso kuti ena mu komiti ankati ulendowu n'kungotaya ndalama, ndipo zinandiwawa. Ndikupempha kuti tikadzakumana ku Bangula mundipatse mphindi 40 ndidzaphunzitse inuyo kaye, mudzaweruze nokha ngati ana athu angamve.