Lipoti la msonkhano wa kutentha kwa makompyuta ndi magemu

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la okonza makompyuta, ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Malisiti onse ndasiya kwa msungichuma, kuti amene ankang'ung'udza za alawansi akadzionere okha.

M'mawa kunali malonje ndi zolankhula za akuluakulu, pamenepo palibe chokuuzani. Chimene chinandigwira mtima ndi cha masana. Mphunzitsi anayatsa laputopu yodzaza fumbi n'kutsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa m'kati mwa kompyuta, tonse tikuonera pakhoma. Gemu itangoyamba, manambala anakwera mpaka madigiri 100, pomwepo purosesa, ubongo wa kompyuta, inadzichepetsera liwiro kuti isapse. Akuti thermal throttling, zija makasitomala amabwera nazo kuti "ikumagwiragwira". Atapemerera fumbi pafani n'kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha papurosesa, kutentha kunatsika ife tikuona. Zinandipweteka, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikuyeza ndi chikhatho.

Anatichenjezanso kuti madigiri 95 pa purosesa ya Ryzen 7000 si matenda, kampani ya AMD inaipanga kuti izifika pamenepo. Msonkhano unagwirizana kuti tizilemba kutentha tisanakonze komanso tikamaliza. Ine ndikuvomereza, ndipo tiyambe mwezi uno.

Pa PS5, makina a magemu a PlayStation 5, panali mtsutso. Sony inaikamo chitsulo chamadzimadzi m'malo mwa paste, ndipo chimadutsa magetsi. Chikangodonthera pabodi, makina apita. Ena ankati tiphunzire kuchipaka. Ine ndikuti ayi. Tichotse zivindikiro zam'mbali, tikoke fumbi pamabowo omwe anasiyira ntchitoyo, basi. Ngati Microsoft yeniyeniyo inapatula madola oposa 1 biliyoni mu 2007 kukonzera makina ake a magemu a Xbox 360 aja oyatsa nyali zofiira akawonongeka, ife a patebulo limodzi tingalipire ndi chiyani PS5 ya munthu?

Gawo la mabizinesi linali zomwe timazidziwa kale.

Tsono zakwathu. Sony imati PS4 izigwira ntchito pakati pa madigiri 5 ndi 35. Nanga mashedi amalata aja osewereramo magemu mu Okutobala, ana atadzaza, makina atatsekeredwa m'bokosi kuopa akuba? Tikawauze eni ake aboole mabokosiwo. Ndipo blower ija tinasonkherana chaka chatha ili kuti? Ndafunsa kawiri, yankho palibe, mpaka lero tikupemerera ndi pakamwa. Komanso m'bale wathu uja amapaka mankhwala otsukira mano m'malo mwa paste asiye, makina ake akumabwerera kwa ine atauma gwa. Nkhani ziwirizi, ya blower ndi ya mankhwala otsukira mano, ndikufuna zikhale zoyamba tikakumana Loweruka.