Akuti anandikonda atangondiona, ndikhulupirire?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 26, ndimasoka zovala ku Ndirande. Mwezi wa Epulo, pochokera ku Lilongwe, ndinakhala mpando umodzi m'basi ndi bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Titaima pa Lizulu anandinyamulira thumba la mbatatesi lomwe ndinagula, malaya ake oyera mpaka kuda ndi dothi, iye osadandaula. Pofika pa Wenela n'kuti titapatsana kale manambala.

Patatha masiku atatu anandilembera pa WhatsApp kuti, "It was love at first sight." Sukulu ndinafika Folomu 4, ndiye ndinamva ndithu: akuti chikondi chinamugwira pompo atangondiona koyamba, tisanapatsane n'komwe moni. Ndisaname Azakhali, usiku umenewo sindinaone tulo, chifukwa nanenso mtima unali utagwa kale pa Lizulu paja.

Wandisokoneza ndi msuweni wanga yemwe anakhalako ku Leeds, ku Mangalande. Akuti eni chilankhulo mawuwa amawanena ngakhale pa galimoto, nyumba kapena kagalu kamene kawasangalatsa, ndipo mulibemo lonjezo la banja. Akuti amangofotokoza mmene mtima unadumphira tsiku loyambalo, basi. Zinandibaya kwambiri, moti tsiku limenelo ndinasoka mkono wa diresi la kasitomala chagada.

Kwathu kuno mwamuna akati wakukonda timadziwa chotsatira. Amafunsa kwanu, amapereka chikole, atsibweni ake n'kukaonana ndi atsibweni ako mpaka chinkhoswe. Koma uyu miyezi ikupita, foni amaimba tsiku ndi tsiku, ndikafunsa za kwawo amangoti ku Mangochi, kenako n'kubwereza mawu omwe aja. Za mudzi, mfumu kapena malume ake, zii.

Nanenso pali chimene sindinamuuze. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 4, amakhala ndi amayi ku Thyolo. Bamboyu anaona nkhope yanga yokha, ndiye ndikuopa kuti chikondi cholowera m'maso chingathe akangomva za mwanayu.

Kodi munthu wofunadi banja amayankhula chonchi, kapena ndi mawu ongokometsera? Akubwera mu Disembala ndipo akufuna ndikamuchingamire. Ndimuuze za mwana pafoni panopa, kapena ndidikire tionane maso ndi maso? Nanga amayi ndiwatsine khutu liti?

Ine wothedwa nzeru,
Ndirande, Blantyre